Mesho wanga akuti kulibe Mulungu, ndipo ine ndikusowa pogwira

Funso: Abusa, ndine mtsikana wa zaka 19, ndili chaka choyamba ku yunivesite ndipo ndikuphunzira sayansi ya zamoyo. Ndinakulira mu mpingo, ndinkaimba kwaya. Kuno mesho wanga, mnzanga wokhala naye chipinda chimodzi, sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Akuti Baibulo ndi nthano zimene azungu anabwera nazo kuti atilande dziko, sayansi inatsimikiza kale kuti tinachokera kwa anyani, ndipo Mulungu akadakhalako sakadalola zimene zinachitika pa namondwe wa Freddy. Tsiku lina mphunzitsi ananena m'kalasi kuti ofuna za Adamu ndi Hava apite ku Sande sukulu. Anthu anaseka, ine ndinangowerama. Pano ndinasiya kupemphera mesho akakhala m'chipinda, ndipo ndikamawerenga notsi za evolution (phunziro la kusintha kwa zamoyo m'kupita kwa mibadwo) ndimamva ngati ndikuchimwa, chonsecho mayeso akubwera. Nditani?

Yankho: Mwana wanga, ndiyambire pamene pakukusowetsa tulo. Kuwerenga notsi za evolution si tchimo. Ziwerenge, uzimvetse, ukalembe mayeso monga anakuphunzitsira, ndipo ngati n'kotheka ukhoze kuposa mesho wakoyo. Danieli ndi anzake atatu anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo ali achinyamata ngati iwe. Anawalowetsa sukulu ya mfumu zaka zitatu, anawaphunzitsa chinenero ndi mabuku a Akasidi, mabuku odzaza ndi milungu yachilendo, mpaka kuwasintha mayina. Sanajombe kalasi. Chimene anakana ndi chakudya cha patebulo la mfumu basi, ndipo pomaliza maphunziro mfumu inapeza kuti aposa anzeru onse a m'dzikomo. Malire anali nawo, koma sanawaike pa mabuku.

Ophunzira ambiri amene ndawaona akusiya chikhulupiriro pa koleji sanagwetsedwe ndi mphunzitsi wa sayansi. Anachoka kwawo atauzidwa kuti njira zilipo ziwiri zokha: uvomereze kuti dziko linalengedwa m'masiku 6 a maola 24 zaka zikwi zochepa zapitazo, apo ayi utaye Baibulo lonse pamodzi ndi Yesu yemwe. Ndiye akalowa mu labu n'kuona ndi maso awo kuti zina zimene ankauzidwa kuti ndi bodza zili ndi umboni, amataya zonse, poti ndi mmene anawalangizira kunyumba. Sindikufuna zikuchitikire zimenezi, choncho ndikuuza mosapsatira pamene mesho wako akunena zoona, ndi pamene akulumpha.

Kusintha kwa zamoyo si nkhani ya kutsidya kwa nyanja. Funsa mayi ako za chloroquine. Kwa zaka zambiri ndiye anali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse, owawa aja, oyabwitsa thupi usiku wonse. Kenako anasiya kuchiza. Mwa tizilombo ta malungo munali tina tochepa tobadwa mosiyanako pang'ono, timene sitinkafa ndi mankhwalawo. Tinzake tikufa, ito tinkapulumuka n'kuswana, mpaka tinadzaza dziko. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kuchotsa chloroquine n'kuika SP, uja tinkamutcha Fansidar. Nayenso SP anafooka mwa njira yomweyo, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Chochititsa chidwi n'chakuti chloroquine atachoka m'zipatala, tizilombo tosamva mankhwala tija tinayamba kuchepa, moti kafukufuku wa ku Blantyre mu 2005 anapeza kuti mankhwala akale aja ayambanso kugwira ntchito (usathamangire kukagula, za mankhwala timamvera achipatala). Zimene mphunzitsi wako akuzitcha natural selection ndi zimenezi, ndipo zachitikira m'magazi mwathu momwemu.

Ukadzapeza mpata upite ku Cape Maclear, ukwere bwato mpaka pa chilumba cha Thumbi, uyang'ane m'madzi pafupi ndi miyala. Mbuna zimabwera chigulu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Nyanja yathu ili ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limodzi ndi chambo ndi utaka, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mbuna imakakamira pa miyala, siyenda mtunda wautali pamchenga kapena pamadzi akuya. Choncho za pa miyala iyi zimaswana zokhazokha, za pa chilumba icho zokhazokha, ndipo m'kupita kwa mibadwo maonekedwe ndi kamwa zomwe zimasiyana, ina yopala ndere pamwala, ina yotola tizilombo m'ming'alu. N'chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kumpoto, ku Uraha m'boma la Karonga, mu 1991 anafukula nsagwada ya cholengedwa chofanana ndi munthu ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale pa Karonga muli chifanizo cha chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachitali khosi chimene chinkayenda kumeneko anthu kulibe. Mkhristu amene yankho lake pa zonsezi n'loti Satana anakwirira mafupawo kuti atisocheretse akunyozetsa Mulungu yemwe akuti akumuteteza. Pamenepa mesho umukonzeko pang'ono: buku lanu la biology silinena kuti tinachokera kwa anyani amene amaba chimanga m'mundawa, limanena kuti ife ndi iwo tili ndi kholo limodzi lakalekale. Pa mayeso kusiyana kumeneku kuli ndi malikisi.

Tsono pamene akulumpha ndi apa: "Sayansi yafotokoza mmene zamoyo zimasinthira, ndiye kuti kulibe Mulungu." Mbali yoyamba ili ndi umboni. Yachiwiriyo sinatulukepo mu labu iliyonse. Pobwera kusukulu mwina mayi anakuikira kamba m'chikwama, mtedza wokazinga, kabotolo ka chiponde, chigumu chokulunga m'pepala. Ukapita nacho chigumucho ku labu adzakuuza zonse: mgaiwa, nthochi, soda, kutentha kwa makala pansi ndi pa chivindikiro, chifukwa chake chinafufuma. Zonsezo n'zoona. Koma palibe makina amene angapeze chimene chinawadzutsa mayi m'bandakucha kukakoleza moto, ndipo ungamudabwe munthu wonena kuti popeza tadziwa ntchito ya soda ndiye kuti mayi kulibe. Sayansi inasankha dala kuyeza zoyezeka, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Koma chifukwa chake pali chinthu m'malo moti pasakhale kanthu, chifukwa chake malamulo a chilengedwe ndi okhazikika moti masamu a pa bolodi amalosera kadamsana, chifukwa chake kuzunza mwana n'koipa ngakhale wozunzayo apindule, amenewa ndi mafunso a mtundu wina. Mphunzitsi akanena kuti kulibe Mulungu ndiye kuti wachoka pa biology, akulankhula maganizo ake. Ufulu ali nawo, koma digiri yake siikira kumbuyo chiganizo chimenecho.

Mesho akadzatchula Big Bang, ganizo la asayansi la mmene chilengedwe chinayambira, umufunse ngati akumudziwa amene anayambitsa ganizolo. Anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, katswiri wa masamu ndi zakuthambo, amene mu 1927 anaonetsa kuti thambo likufutukuka, ndipo mu 1931 anati liyenera kuti linayambira pa kanthu kamodzi. Dzina loti Big Bang linachokera kwa Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, munthu amene ankatsutsa ganizolo, mwa zina chifukwa nkhani yoti chilengedwe chili ndi chiyambi inkamununkhira tchalitchi. Koma mbali imene ndimaikonda ine ndi yotsatira. Mu 1951 Papa Pius XII atalankhula ngati kuti sayansi yatsimikizira Genesis, Lemaître sanakondwe, ndipo anayesetsa kuti zisabwerezedwe. Ankadziwa kuti chikhulupiriro chodalira zimene sayansi ikunena chaka chino chingagwedezeke sayansiyo ikadzakonza mawu ake. Iwenso usamamubise Mulungu m'mipata imene asayansi sanafikemo, kumati izi sakuzidziwa ndiye kuti ndi Mulungu. Mipata imatsekeka chaka ndi chaka. Mulungu wa m'Baibulo ndi mwini wa zimene tazimvetsa kale pamodzi ndi zimene sitinazimvetse.

Malamulo a chibadwa amene ukuloweza semesita inoyi anachokera m'dimba la nsawawa la Gregor Mendel, mmonke wa ku Brno, amene anawasindikiza mu 1866. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu mpaka kutha mu 2003, anali wokana Mulungu ali mnyamata, anatembenuka atayamba kukhala pambali pa odwala m'chipatala, ndipo amavomereza evolution ndi kuuka kwa Yesu komwe. Charles Darwin mwiniwake, amene anatchukitsa ganizo la evolution, m'kalata ya mu 1879, analemba kuti n'zopanda nzeru kukayika zoti munthu angathe kukhulupirira Mulungu ndi mtima wonse n'kumavomerezanso evolution, ngakhale za iyeyo anati ali pakatikati. Mayinawa sakutsimikiza kuti Mulungu aliko, poti asayansi anzeru okana Mulungu aliponso ambirimbiri. Akungochotsa bodza limodzi, loti munthu akaphunzira kwambiri ayenera kusiya kupemphera.

Nanga Genesis? Funsoli silinayambe ndi Darwin mu 1859. Origen wa ku Alexandria, ku Iguputo, m'zaka za m'ma 200 anafunsa kale kuti masiku atatu oyamba anakhala bwanji ndi madzulo ndi m'mawa pamene dzuwa likulengedwa tsiku lachinayi. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko lomwe lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, ankaona kuti masikuwo sali ngati athuwa. Anachenjezanso kuti n'zamanyazi Mkhristu kumabwebweta za dziko, nyenyezi ndi nyama pamaso pa wosakhulupirira amene akuzidziwa bwino, n'kumati Malemba akutero, chifukwa munthuyo sadzamveranso Malembawo akamanena za kuuka kwa akufa. Awiriwa ndi a mu Africa muno, ndipo sankathawa mphunzitsi aliyense wa biology. Mpaka lero Akhristu okonda Malemba amasiyana. Ena amagwira masiku 6 enieni, ena amati ndi nyengo zitalizitali, ena amawerenga mutuwo ngati chiphunzitso choyalidwa mwaluso chouza Israyeli kuti dzuwa, mwezi ndi nyanja, zimene mitundu yoyandikana nayo inkazipembedza, ndi zolengedwa chabe. Ine ndimapendekera kwa omalizawa. Funso la Adamu ndi mmene tchimo linalowera ndi lolemera kuposa la masiku, ndipo ophunzira za umulungu akulimbana nalobe. Koma m'Chikhulupiriro cha Atumwi chimene umanena Lamulungu muli zoti Mulungu ndi wolenga kumwamba ndi dziko lapansi. Chiwerengero cha maola mulibe.

Za azungu, mesho ali ndi pogwira. Mtanda ndi mbendera zinafika moyandikana, amishoni ena ankadyera limodzi ndi atsamunda, ena ankanyoza chilichonse cha makolo athu. Usakane. Koma umuonetse nkhope ili pa K500. John Chilembwe anali mbusa, ndipo Baibulo lomwelo limene akuti linabwera kudzatigonetsa tulo ndi limene linamuuza ku Mbombwe kuti wogwira thangata pa esiteti ya ku Magomero ndi chifanizo cha Mulungu chimodzimodzi ndi bwana wake, mpaka anaukira mu Januwale 1915. Pa 8 Malichi 1992, nthawi imene munthu sunkayerekeza kutsokomola za boma, kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo chaka chotsatira tinakaponya voti pa riferendamu. Chikhristu chinafika mu Africa zaka zoposa 1,000 Livingstone asanabadwe: mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inachilandira m'zaka za m'ma 300, makolo a Angerezi akupembedzabe milungu yawo. Ndipo makolo athu sanadikire sitima ya amishoni kuti adziwe kuti kuli Namalenga. Nkhani ya Kaphirintiwa ku Dzalanyama ndi nsembe zopempha mvula kwa Makewana ku Msinja n'zakale kuposa mishoni iliyonse. Ngati pali ganizo lobwera ndi alendo pano, ndi loti kumwamba kulibe aliyense.

Komabe nthawi zambiri achinyamata ngati mesho wako sanakhumudwe ndi Mulungu, anakhumudwa ndi ife. Aona aneneri ogulitsa mafuta ndi madzi m'timabotolo, ouza wodwala kuti ataye ma ARV poti wachira, oloza gogo wosauka kuti ndiye mfiti ikumaliza ana pamudzi. Pa nkhani ya agogo onamiziridwa ufitiyi, George Thindwa ndi bungwe lake la anthu osapembedza analimbikira kuti okalamba omangidwa atulutsidwe pamene mipingo yambiri inali duu. Zimenezi uzivomereze poyera, osazungulira. Mawu owawa kwambiri a Yesu anapita kwa atsogoleri achipembedzo olusira nyumba za akazi amasiye, osati kwa anthu okayika.

Funso la Freddy ndilo lolemera pa onse, ndipo apa ndikupempha usafulumire. Uyambe wadziwa ngati mesho anataya wina wake. Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi inakokoloka, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso. Ngati mmodzi mwa iwo anali m'bale wake, ndiye kuti sakukufunsa funso la m'kalasi, akulira maliro, ndipo pa maliro timakhala pansi, sitichita mtsutso. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anangokhala naye chete. Analakwitsa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake Mulungu wachita zimenezi, ndipo pamapeto Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu amene ankafuula.

Chimene usadzanene n'choti anthuwo analangidwa chifukwa cha machimo awo. Khomo limenelo Yesu analitseka yekha. Atatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anafunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, nayankha kuti iyayi. Mbali ina ya tsokali ili ndi zala za anthu. Mitengo ya m'phiri inatha ndi nkhuni ndi makala, umphawi unakankhira mabanja kukamanga pa mtsetse pomwe madzi amadutsa, nyanja zikuluzikulu zikutenthera chifukwa cha utsi wa mayiko olemera. Koma izi sizimaliza funsolo, poti khanda limene linakwiririka silinadulepo mtengo. Chikhristu sichipereka chifukwa chake mwana uyu wapita, uyo watsala. Chimene chili nacho ndi Mulungu amene analowa yekha m'masautso, analira pa manda a Lazaro, nafuula pa mtanda mawu a Salimo 22 ofunsa chifukwa chake wasiyidwa, pamodzi ndi lonjezo loti akufa adzauka. Werenganso Salimo 88. Imathera mu mdima, yopanda chitonthozo ngakhale chimodzi, koma sanaichotse m'Baibulo. Wofunsa Mulungu mokwiya ali ndi malo m'nyumba mwake.

Tsiku lina mitima itazizira ungamufunse modekha kuti tikamuchotsa Mulungu, ku Chilobwe kubwerera ndani? Matope ndi omwewo, manda ndi omwewo. Nanga mkwiyo wakewo, woti zoterezi siziyenera kuchitika, ukutsamira pa chiyani ngati dziko ndi miyala ndi madzi zongotsata mphamvu yokokera pansi? Osakhulupirira ali nawo mayankho awo pa izi, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu achifundo kwabasi. Usalifunse ngati msampha, likhale loti muliganizire nonse awiri.

Tsono iwe uime pati? Paulo anaika zonse pa chinthu chimodzi. Anauza Akorinto kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chawo n'chachabe. Za zaka za dziko sananene choncho. Pamenepa ndiye uthere mphamvu zako. Zoti Yesu anakhalako napachikidwa, akatswiri a mbiri yakale pafupifupi onse, opemphera ndi osapemphera, satsutsana nazo. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba cha m'ma 116 kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo, ndipo mu 1961 ofukula zakale anapeza mwala ku Kaisareya wolembedwa dzina la Pilatoyo. Kalata yoyamba ya kwa Akorinto inalembedwa patangopita zaka pafupifupi 25 Yesu ataphedwa, ndipo m'mutu 15 Paulo akubwereza zimene iyenso anachita kulandira kwa ena: amene anamuona atauka ndi Petro, khumi ndi awiri aja, anthu oposa 500 nthawi imodzi amene ambiri anali adakali moyo, kenako Yakobo. Yakobo ameneyu ndi m'bale wa Yesu, wa m'banja limene poyamba silinkamukhulupirira, ndipo Paulo mwiniwake anali wozunza mpingo. Mauthenga onse anayi akuti oyamba kufika pa manda anali akazi, m'dziko limene umboni wa mkazi unkapeputsidwa. Wopeka nkhani akadasankha mboni zina. Uwu si umboni wa mu labu, ndipo munthu angathe kuumva n'kukanabe. Koma wokanayo ali ndi ntchito yofotokoza chimene chinasandutsa anthu amantha, amene anabalalika usiku womwe Yesu anagwidwa, kukhala olalikira mumzinda womwe anaphedweramo. Werenga Marko yense, ndi waufupi, ungathe kumumaliza Loweruka limodzi masana. Kenako 1 Akorinto 15, pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja. Zimenezi zikupindulira kuposa timavidiyo ta pa TikTok ta mphindi imodzi, kaya ta mlaliki wochititsa manyazi mphunzitsi kapena ta wokana Mulungu wochititsa manyazi mlaliki. Onsewo amadula pamene mnzawo wayamba kuyankha.

Kukayika kukakugwira usadzione ngati wagwa kale. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu ndi yemwe uja kapena ayembekezere wina, ndipo Yesu sanamukalipire, anamutumizira umboni n'kumuyamikira pamaso pa anthu. Tomasi anatha sabata yathunthu asakukhulupirira, koma sanachoke pakati pa anzake, ndipo Yesu anamupeza pomwepo. Safunsa anadya phula.

Za m'kalasi, sindikukulangiza kukweza dzanja kuti utsutsane ndi mphunzitsi pamaso pa anthu onse. Iye ali ndi choko ndi malikisi, iwe ndiwe yaro, wa chaka choyamba. Kuwerama kwako tsiku lija sikufanana ndi kukana kwa Petro pa moto paja, poti palibe anakufunsa kanthu. Pa mayeso lemba zimene sayansi ikunena, popeza funso likufuna zimenezo, ndipo mavesi usaike pa pepala la biology. Nthabwalazo zikapitirira, pita ku ofesi yawo nthawi yoonana ndi ophunzira, ufunse kaye funso lenileni la phunzirolo, kenako unene mwaulemu kuti ndiwe Mkhristu, phunziroli umalikonda, koma nthabwala zija zimakupweteka. Aphunzitsi ambiri amasintha akaona nkhope ya munthu. Zikafika poti akukudula malikisi kapena kukutchula dzina pofuna kukunyoza, pamenepo upite kwa mkulu wa dipatimenti kapena woona za ophunzira. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, komanso ufulu wa maphunziro. Gawo lomwelo limatetezanso mesho wako.

Ndipo umuganizireko. Pa kalembera wa mu 2018, anthu pafupifupi awiri okha mwa 100 alionse m'Malawi muno ndi amene anati alibe chipembedzo. M'chipinda mwanumo iwe ukudziona wochepa, koma iye akakwera basi kupita kwawo mlaliki ali momwemo, pa maliro, pa ukwati, pa msonkhano uliwonse amayamba ndi pemphero, ndipo mwina makolo ake sadziwa n'komwe zimene zili mumtima mwake. Ukali wake wina ukuchokera pamenepo. Usamutche wa sataniki, usamuikire timapepala ta mavesi pansi pa pilo, usaitane gulu kudzamutulutsa ziwanda. Mubwereke sopo, mudikire popita kokadya, muziwerengera limodzi. Petro analemba kuti tikhale okonzeka kuyankha wotifunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu, ndipo munthu safunsa zakukhosi kwa amene akumuona ngati mdani. Akakufunsa chimene sukuchidziwa, nena kuti sukudziwa ndipo ukafufuza, kenako ukafufuzedi.

Kupemphera uyambirenso usiku uno. Chipindacho ndi cha nonse. Umuuziretu kuti, "Mesho, ine ndimapemphera ndisanagone, kanthawi kochepa chabe, sindikusokosera." Kenako uchite monga wanenera, mwakachetechete, osati kufuula 4 koloko m'mawa mnzako ali ndi mayeso. Tsiku loyamba mtima udzagunda, koma adzazolowera msanga kuposa mmene ukuganizira. Chimene chimazimitsa chikhulupiriro cha ophunzira ambiri si mtsutso umodzi waukulu, ndi kusiya pang'onopang'ono: lero pemphero, Lamulungu likudzalo tchalitchi chifukwa cha asayimenti, pozindikira semesita yatha.

Usakhale wekha. Pa masukulu athu pali SCOM, pali CCAPSO kwa a CCAP, pali magulu a ophunzira a Katolika, a Adventist ndi a mipingo ina. Posankha, uyese ndi funso. Ukafunsa za mafupa a ku Karonga iwo n'kukuuza kuti uli ndi chiwanda cha kukayika, funa gulu lina. Ufunefune wophunzira sayansi wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene akupempherabe, kapena mphunzitsi wa sayansi amene ndi mkulu wa mpingo. Alipo ndithu, kungoti salengeza m'kalasi. Koma gulu la mapemphero lisadye nthawi ya mabuku. Ndaona ana abwinobwino akuchezera mapemphero usiku ndi usiku n'kukathera pa sapu (mayeso obwereza), ena kuchotsedwa sukulu kumene, ndipo pamenepo mesho amangofunsa kuti Mulungu wako uja anali kuti.

Pa holide mayi akadzafunsa zimene mukuphunzira, usawabisire, komanso usawalankhule ngati wabwera ndi nzeru zonse za padziko. Ngati abusa a kwanu amagwira masiku 6 enieni, si ntchito yako kukawatembenuza. Uwalemekeze, ndipo mungathe kudyera limodzi Mgonero mukusiyana pa nkhaniyi. Ukamaliza Marko ndi 1 Akorinto 15 undilemberenso mafunso amene atsala, ndipo ngati mesho ali ndi ake uwaike momwemo, m'mawu ake enieni, osawafewetsa.